Kukafuna Sefite Valavu ku Khombedza

Ndidatuluka pageti la wekishopu yathu pa Chipoka Lachisanu m'mawa, sikisi koloko isanakwane, m'thumba la ovolosi muli kachitsulo kofanana ndi chala chachikulu cha kuphazi, mumtima muli mkwiyo wokhawokha. Kachitsuloko kadali pulagi, chotsekera bowo cha mazinga ngati a bawuti, ndipo ndidachita kuba. Ndikuulula lero chifukwa kampaniyo idatha kalekale, ndipo amene akadandimanga adatsogola.

Ndinkagwira ntchito ya ufitala pakampani ina yaing'ono yokonza maboti ndi malole. Zida zathu zambiri, zoboolera, zogogodera dzimbiri ndi zopopera penti, zinkayendera mpweya. Kompuresa idali m'kanyumba kake kotseka ndi loko, koma thanki yosunga mpweyawo idali panja, yoimika chilili m'mbali mwa khoma, yaitali kuposa munthu. Pamwamba pa thanki yotere pamakhala valavu yamkuwa imene timati sefite. Mpweya ukapyola muyezo, iyo imatseguka yokha n'kuutulutsa kuti thanki isaphulike. Yathu idali itayamba kulira pafupipafupi, chifukwa switchi yozimitsa mota thanki ikadzaza inkagwira lero, mawa osagwira, ndipo yatsopano tidali tikuidikira kuchokera ku Blantyre mwezi wachitatu. Kulira kwa sefiteko n'kumene kunkatisunga ndi moyo.

Ndiye kudabwera uthenga woti Loweruka kufika mkulu wina wa chipani kudzaona ntchito yathu. Masiku amenewo chipani chidali chimodzi, ndipo mlendo wotero ukamulakwira sunkagona kwanu. A manijala athu, munthu wodziwa kulemba makalata koma wosagwirapo sipanala chibadwire, adati phokoso lija lidzatichititsa manyazi alendo akamalankhula. Lachinayi, ine ndili kudoko, adalamula kuti sefite ichotsedwe. Amene adatumidwawo adaikoka ndi bobojani mpaka kuithyola khosi, pabowo n'kumangapo pulagi. Nditawafunsa a manijala adangoti, "A Mbewe, ndi tsiku limodzi lokha. Lolemba mudzabwezera zanuzo." Tsiku limodzi lokha, ngati thanki imadziwa masiku. Choipitsitsa n'chakuti amayi ovina adawakonzera malo pamthunzi wa khoma lomwelo, ndipo pakati pawo padali mkazi wanga Nabanda, amene sakadakana kuvina ngakhale akadafuna.

N'chifukwa chake m'mawa umenewo ndidatulutsa mpweya wonse m'thanki, n'kumasula pulagi ija. Ndidaganiza kuti thanki yabowo sangaiyatsire kompuresa ine kulibe. Komanso mwambo wa ntchito yathu ndi wakuti ukamakagula chitsulo cha mazinga supita chimanjamanja, umanyamula chinzake chokayezera. Pakamwa pamanama, chitsulo sichinama.

Pamsewu ndidapeza lole yonyamula madengu a utaka wouma, yopita ku Salima. Dalaivala adati sikisite tambala, ndikhale pamwamba pa katundu. Ndidakwera n'kukhala pafupi ndi mayi wina wonenepa, mwini wa madengu atatu, amene adandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tsitsi.

"Achimwene, nkhope imeneyi mwasiya maliro?"

"Ayi mayi, ndikuthawa maliro."

"Ndiye muthawire uko, musandikhalire nsomba zanga."

Udali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Salima lija limene limayamba kuotcha lisanakwere n'komwe. Msewu udali ndi zigamba zambiri kuposa tala weniweni. Pamlatho wa Linthipe tidaima kudikira ngolo ziwiri za ng'ombe kuti ziwoloke, dalaivala akuliza hutala ngati ng'ombe zimamva ulemu. Tidalowa m'tauni ya Salima nthawi itangopitirira eyiti koloko, ine ndikununkha utaka thupi lonse.

Ndisanafike n'kusitolo komwe, anyamata awiri a chipani adanditsekereza pafupi ndi msika. Khadi. Ndidalitulutsa. Mmodzi adaona thumba langa litalendewera, adapisamo dzanja osapempha, n'kutulutsa pulagi ija. Adaitembenuza uku ndi uku, maso ali psuu.

"Bambo, ichi si chipolopolo?"

Ndidafuna kumuuza kuti mfuti yolowa chipolopolo chotero ingafune anthu anayi oinyamula, koma ndidameza mawuwo. Ndidati ndi chotsekera paipi, ndipo ndatumidwa kukonzekera ulendo wa alendo a mawa ku Chipoka. Atangomva za alendo adandibwezera ndi manja awiri, n'kundiuza kuti ndifulumire. Bodza lokhalo ndi limene lidandiyendera bwino paulendo wonse.

Sitolo ya zitsulo idali imodzi yokha yodalirika, popeza amwenye adali atachotsedwa kale m'matauni ang'onoang'ono. M'mashelefu mudali makasu, misomali, nyali ndi fumbi. Wogulitsa, bambo wa tayi m'khosi kutentha konse kuja, adamvetsera ndikufotokoza, kenaka adapita kuseri n'kubwera ndi mpopi wa madzi, wa chogwirira chofiira.

"Iyi ndiye valavu. Mukafuna mpweya utuluke, mutsegula."

"Nanga ine ndikakhala kuchimbudzi, atsegule ndani?"

"Ndiye mugule iwiri."

Ndidamufunsa ngati ali ndi china chilichonse cha mpweya. Adandionetsa mapaipi apulasitiki oyera ndi maelubo ake, n'kunena kuti paipi ndi paipi, chodutsamo sichisankha. Apa ndiye ndidapsa mtima zenizeni. Ndidamuuza kuti paipi ya madzi ikaphulika umangonyowa, n'kupita kukasintha malaya. Mpweya timachita kuupanikiza, ndipo ukapeza pofooka umatuluka wonse nthawi imodzi, pulasitiki n'kusanduka zidutswa zakuthwa zolowa m'maso ndi m'mimba mwa anthu. Iye adangokonza tayi yake n'kunena kuti ngati sindigula ndipatse malo anzanga. M'sitolomo mudalibe wina aliyense.

Ndidayenda magalaji awiri ndi wekishopu ya kuchigayo cha mpunga. Kwina adati alibe, kwina adati ali nayo imodzi koma ili pathanki yawo, ndipo ndidawalemekeza chifukwa chokana kundipatsa. Pofika teni koloko ndidakhala m'tiyirumu, kapu ya tiyi wa mkaka ndi zitumbuwa ziwiri, fifitini tambala, ndikuganiza zokwera basi ya ku Lilongwe imene sikadandibweza nthawi yabwino. Pakhonde la tiyirumuyo padali mkulu wokonza mawotchi, amene adamva ndikudandaula kwa mwini tiyi.

"Pitani ku Khombedza mukafunse Che Sumani," adatero osadzutsa mutu. "Adakhala zaka zambiri kumigodi ku Joni, ntchito yake inali ya mapaipi a mpweya. Chitsulo chilichonse chotayidwa m'boma lino chimathera kwawo. Koma lero ndi Lachisanu, mukawapeza kumzikiti."

Basi yopita ku Nkhotakota idanyamuka leveni koloko itapitirira, sevente tambala mpaka Khombedza. Ndidaimirira njira yonse, mutu wanga uli pansi pa dengu la nkhuku, kondakitala akukuwa kuti tisunthire kumbuyo kumene kudalibe malo. Pa Kaphatenga tidakhotera kumpoto. Minda ya thonje idali itazulidwa, kwatsala nthaka yakuda yong'ambika ndi milambe yopanda masamba. Pasiteji iliyonse basi inkaima, wina kutsika ndi njinga, wina kukwera ndi mbuzi, ine ndikuyang'ana dzuwa mmene likukwerera n'kumatukwana chamumtima.

Ku Khombedza ndidafika anthu atalowa kale mumzikiti, nsapato zili mbwee pakhomo. Ndidadya mpunga wa nyemba pamsika, mbale yodzaza bwino, ndiyeno ndidakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira. Atatuluka, munthu wina adandilozera nkhalamba yowonda ya kofiya yoyera, yoyenda mosafulumira. Titapatsana moni ndidaona kuti kudzanja lamanzere idali ndi zala zitatu zokha.

Kuseri kwa nyumba yawo kudali chisakasa, ndipo m'chisakasamo mudali mabokosi a matabwa, chitsulo chilichonse pamalo pake, chopakidwa girisi. Nditawafotokozera zonse, za mkazi wanga zomwe, Che Sumani sadafulumire kutsegula. Adayamba ndi mafunso.

"Mwanangu, thankiyo ili ndi kachitsulo kolembedwa pambali. Pamati mpweya wa mapaundi angati?"

"Handiredi fifite."

"Mumagwira ntchito pa angati?"

"Handiredi, pena handiredi twente."

"Bowo lake?"

Ndidawapatsa pulagi ija. Adaiyeza ndi maso n'kunena kuti ndi firikota inchi, makota atatu a inchi. Adafunafuna soketi, kapaipi kafupi ka mazinga m'kati, n'kumangamo pulagiyo ndi zala mpaka idalowa bwino, osagwedera. "Soketi iyi tsopano ndiyo thanki yako," adatero. "Chimene chikane pano chikakananso ku Chipoka."

Adatulutsa masefite anayi n'kuwandandalika pamphasa. Ine maso anga adathamangira yonyezimira kwambiri, yooneka yatsopano. Adandilola kuti ndiyese. Idalowa musoketi kawiri, kachitatu n'kuuma gwa.

"Ndikaikoka ndi bobojani ilowa," ndidatero.

"Ilowa ndithu, ndipo idya mazinga a thanki yako. Iyi ndi ya ku Amereka, mapaipi anu ndi a Mngelezi. Pamaso n'zofanana, koma mano ake adasemedwa mosiyana. Lero igwira, mawa iyamba kufwenthera, tsiku lina ithawa ngati mwala wa legeni." Adakweza dzanja lija la zala zitatu. "Cholumikizira chimene chidandidula zala ziwiri apa adachikakamiza ndi mnzanga wanga wapamtima. Adali pachangu ngati iweyo."

Ndidachita manyazi, pakuti ndidali nditatsala pang'ono kuchita zomwe ndinkatukwanira anzanga. Yachiwiri idalowa bwino, koma atapukuta pambali pake padaoneka nambala thuu handiredi. Adaiponya m'bokosi. Thanki ya handiredi fifite ingayambe yang'ambika iyo ikadali chete, adatero, ndiye kusiyana kwake ndi pulagi kuli pati. Yachitatu nambala yake idali yabwino koma idali yaing'ono, ya kota inchi. Ndidati tikhoza kuikira bushu yochepetsera bowo.

"Kompuresa yanu ndi yaikulu bwanji?"

"Mota wake timanyamula anthu anayi."

"Ndiye imathira mpweya ndi ndowa, iwe ukufuna kuutulutsa ndi supuni. Itseguka, ilira, koma geji ya mpweya izikwerabe."

Yotsala idali yakuda bii, yonyansa, yochokera pamakina akale a kumunda wa mpunga. Mazinga ake adalowa musoketi ngati kwawo. Nambala yake idali handiredi fote: pamwamba pa mpweya wogwirira ntchito, pansi pa mphamvu ya thanki. Che Sumani adaimasula yonse, adatsuka sipuling'i ndi palafini, pokhalira pake n'kupakwecha pang'onopang'ono ndi phulusa losefa losakaniza ndi oyilo mpaka padawala. Ine ndinkangoyang'ana mthunzi wa chisakasa ukutalika. Nditanena kuti basi indisiya, adandiyankha kuti basi ina ibwera koma mkazi wina wonga amene ndili naye sabwera.

Sadakhulupirire nambala yokha. Adamanga sefiteyo pakapaipi kafupi kokhala ndi geji, n'kulumikiza pampu ya phazi yopopera matayala a malole, n'kundiuza kuti ndiponde. Ndidaponda. Muvi wa geji udakwera msanga mpaka eyite, kenaka pampu idayamba kulimba. Pa handiredi twente thukuta linkalowa m'maso, ndikuchita kudumphira ndi thupi lonse, nkhalamba ikupaka thovu la sopo m'malumikiziro kuona ngati pakutuluka mpweya. Muvi utangokhudza handiredi fote, sefite idati fyuu, n'kudzitseka yokha. Adandipondetsa katatu.

"Alhamdulillah," adatero, akuikulunga m'kansalu. Nditatulutsa ndalama adakankha dzanja langa. "Ukadati ndi ya kampani chabe ndikadakulipiritsa modula. Koma mvera ichi. Pakati pa thanki ndi sefite pasakhale mpopi, pasakhale chotsekera chilichonse. Chinthu chimene munthu angathe kutseka, tsiku lina adzatseka."

Basi ya masana idali itapita. Ndidakwera lole ya thonje faifi koloko, ndipo pafupi ndi Kaphatenga tayala lidaphulika, sipeya alibe. Mtunda wotsala ndidayenda wapansi, n'kukagona kwa msuweni wanga ku Salima. Loweruka m'mawa kudalibe matola ngakhale imodzi, magalimoto onse atagwidwa kuti anyamule anthu okalandira mlendo. Ndidapempha malo palole yodzaza amayi ovala nsalu za chipani, ndipo adandilola ulere nditalonjeza kuti ndiziwomba m'manja. Ndidawomba njira yonse mpaka Chipoka, mano ndikukukuta.

Pageti ndidafika naini koloko. Mbendera paliponse, miyala yopakidwa laimu, ng'oma zikuyesedwa. Ndipo ndidamva chimene sindinkafuna kumva: mota wa kompuresa akulira kuseri kwa khoma. Ndidathamanga. Pabowo paja adamangapo mpopi wa madzi wochotsedwa kubafa la antchito, atauzenga ndi khonje, wotseka ndithu. Geji idali pa handiredi teni. Kuba kwanga konse kuja sikudathandize kanthu.

Ndidazimitsa mota, n'kutulutsa mpweya, ndidakwera pamakwerero ndi bobojani. A manijala adatulukira atavala suti, nkhope ikunyezimira thukuta.

"A Mbewe, dzulo mudali kuti? Mukudziwa chimene mwachita?"

"Ndikudziwa, bwana. Ndabweretsa sefite."

Adaiyang'ana, n'kuyang'ana msewu. Kenaka nzeru zawo zija zidabwera. "Chabwino. Siyani mpopiwo pomwepo, sefite yanuyo muimange pamwamba pake. Alendo akamalankhula titseka, akatha titsegula. Aliyense akondwa."

"Bwana, ndiye ndapitiranji ku Khombedza?"

"Ndikukulamulani."

"Mukwere nokha mudzamange."

Sindidawayankhepo chotero chiyambire ntchito. Ndidazula mpopi uja n'kuuponya padenga la wekishopu, ndidamanga sefite molunjika pathanki, n'kuikoka bwino. Nthawi yomweyo kumsewu kudamveka mahutala. A manijala adayatsa mota okha, chifukwa adakonza zoti mlendo akatha kulankhula agwire chida chogogodera dzimbiri ajambulidwe chithunzi. Adatseka kanyumba kaja ndi loko, kiyi m'thumba, ine n'kundikankhira pamzere wa antchito kutsidya lina la bwalo.

Amayi adavina, adatopa, adakaunjikana pamthunzi wa khoma lija. Nabanda ndinkamuona mutu wokha. Mlendo adayamba kulankhula, ndipo anthu oterowo sankalankhula mwachidule. Palibe chida chinkagwira ntchito, ndiye mpweya unkangolowa osatuluka. Ine mawu ake sindidamve ngakhale amodzi, khutu langa lidali kwa mota, ndikupempha Mulungu kuti switchi igwire lero lokha. Siidagwire. Mota adapitirira nthawi imene amayenera kuima, n'kuyamba kulira molemera.

Mlendo ali pakati potamanda chitukuko, sefite idatseguka. Paja papampu ya phazi idangoti fyuu. Apa idabangula bwalo lonse. Mlendo adagwada kuseri kwa tebulo, omulondera adam'gwera pamwamba, amayi adabalalika, ng'oma zikugubuduzika. A manijala adatha mphindi yathunthu akulimbana ndi loko, sefite ikutulutsa mpweya osalekeza, thanki ili chiimire.

Sadandifunse kuti chachitika n'chiyani. Adangondiloza. Ndidakhala masiku atatu m'manja mwa anthu amene ankafuna kudziwa yemwe adandituma kuti ndichititse manyazi chipani, ndipo mbama zawo khutu langa lamanzere likuzikumbukabe. Dzina la Che Sumani sindidalitchule. Adanditulutsa injiniya wina wa kudoko atakaona thankiyo n'kulemba kuti pakadapanda valavu ija pakadafa anthu, mlendo yemwe. Kalatayo idanditulutsa m'chitokosi, koma ntchito siidandibwezere. A manijala adakhalabe pampando wawo, ndipo palibe adandiuzapo zikomo kufikira lero.

Paulendo umenewu ndidaphunzira kusankha chitsulo: kuwerenga nambala, kuyesa mazinga, kukana chaching'ono ngakhale chiwale bwanji. Ndidaphunziranso kuti chida chopulumutsa anthu chikagwira bwino ntchito yake, palibe amaona chimene chalepheretsa, amangomva phokoso.

Nditafika kunyumba ndidapeza Nabanda akuchapa nsalu yake ya chipani, kachitatu kuyambira Loweruka. Adati tcheya wa amayi adamukalipira pagulu chifukwa choiwononga, ndipo adamuuza kuti asadzaonekenso nayo pamaso pa alendo. Ndidafunsa kuti yatani. Adaitambasula padzuwa. Kumsana kwake kudali penti yobiriwira, chigamba chachikulu kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno.

"Thanki yanu ija adaipaka penti Lachisanu, inu muli paulendo," adatero. "Ndidatopa ndi kuvina, ndiye ndidaitsamira nthawi yonse imene bwana uja ankalankhula. Kodi ichoka ndi palafini?"

Ndidakhala pansi pomwepo, padothi.